Madzi Amchere a Che Amidu

Dzulo tinali ku Senga Bay pa sadaka ya arobaini ya Che Amidu, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni. Anthu analankhula zabwino zambiri: kuti sankaphonya mapemphero a swala, kuti sanakanganepo ndi munthu pa za malire a munda, kuti maliro a Mkhristu ankawakhalira mofanana ndi a Msilamu. Zonsezo n'zoona. Koma palibe anatchula za thanki yawo ija, mwina poti mkazi wawo, Abiti Jafali, anali kuseri kwa mpanda akumva zonse. Ndabwerera kuno ku Salima mtima usanakhazikike, ndiye ndati ndilembe.

Ndinkawatchula kuti amalume, chifukwa mkazi wanga ndi mwana wa mlongo wawo. Iwo ankanditchula kuti akalaliki, poti ndinkalemba katundu pa sitesheni ya sitima. Dzina langa lenileni sindikumbuka ngati analitchulapo.

Anali munthu wamfupi, woyenda mofulumira, wa mzuli woyera umene sunkachoka kumutu. Manja awo anali otuwa chaka chonse chifukwa sankadzola mafuta, ndipo sopo ankamukhudza madzulo okha, ntchito ikatha. Mukawapatsa madzi akumwa ankayamba awanunkhiza, kuwayang'ana cha kowala, kenako n'kumwa. Alendo ena ankakhumudwa nazo, osadziwa kuti n'chizolowezi cha ntchito.

Ankagwira ntchito kwa Mzungu wina amene ankatumiza mbuna ku Ulaya pa ndege. Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala tamawangamawanga tija, timene msodzi weniweni satiwerengera. Anyamata ankamira n'kutigwira, Che Amidu n'kumatisunga tamoyo m'mathanki mpaka tsiku la ulendo. Asodzi a pagombe ankawaseka kuti ndi m'busa wa ndiwo zosadyedwa. Iwo ankayankha kuti chiweto chawo ndi madzi, osati nsomba. Nsomba ankati ndi mlendo chabe: m'nyumba mukakhala bwino amakhala, mukaipa amachoka osatsanzika.

Koma thanki imene ndikunena si ya kwa Mzungu. Inali yawoyawo, pa khonde la kuseri kwa nyumba, yotchingidwa ndi mphasa kuti dzuwa lisaifike. Kukula kwake inali ngati thumba la chimanga logoneka. Madzi ake anali amchere, ochokera ku nyanja yaikulu imene iwo ankaitchula kuti bahari, ndipo munkakhala tinsomba tiwiri tokha, tabuluu, tamichira yachikasu, tosaposa chala.

Abiti Jafali sankaifuna thanki imeneyi, ndipo sankabisa. Mlendo akafika ankamulonjera bwinobwino, n'kumuuza kuti, "Pitani kuseri mukamuone mkazi mnzanga. Iye salima, sasinja, sabereka, koma akupemereredwa tsiku lonse ngati mwana wa mfumu."

"Abiti, alendo atopa," Che Amidu ankatero.

"Ine ndiye sinditopa? Tsiku lija ndinadwala malungo munandipemerera inu?"

Mkanganowu unali ndi muzu wake, ndipo tonse tinkaudziwa. Ali mnyamata, Che Amidu anapita kukafuna ntchito ku Tanga, m'dziko la Tanzania, m'mbali mwa bahari. Anaipeza pa hotela ina imene inali ndi thanki yaikulu ya nsomba zam'nyanja yamchere, ndipo ndi kumene anaphunzira zonse. Anakwatira konko, n'kukhala ndi mwana wamwamuna dzina lake Rashidi. Ankanena kuti mwanayo akalira, mankhwala ake anali kumunyamula n'kumuonetsa nsomba za m'galasi. Mkazi uja anamwalira mwana ali wamng'ono. Posakhalitsa kunabwera uthenga woti bambo awo akudwala kwambiri kuno kumudzi. Anasiya mwana kwa achibale a mayi ake, n'kulonjeza kuti akaika zinthu m'malo abwerera.

Sanabwerere. Bambo awo anamwalira, ndipo maliro atatha, dziko linali litasintha. Masiku amenewo munthu wopita ku Tanzania ankati akukakumana ndi oukira boma, ndipo wobwerako ankatengedwa kukafunsidwa. Bambo wina wa ku Maganga anatengedwa choncho, anthu n'kusiya kutchula dzina lake. Che Amidu anafunsapo kamodzi za chiphaso cha ulendo, koma mafunso amene anawafunsa kumeneko anawachititsa kuti asadzafunsenso. Anakwatira Abiti Jafali, nabereka mwana wamkazi, Mariamu. Za Rashidi sankazikamba pagulu.

Papita zaka zambiri, tsiku lina gadi wa sitima ya katundu, Che Kasimu, anandikokera kuseri kwa ngolo. Anthu a sitima a mbali ino ndi a mbali ya Mozambique ankadziwana, ndipo mawu ankayenda pakamwa kuchokera ku doko la Nacala mpaka kuno. Anandifunsa motsitsa mawu ngati amalume anga a ku Senga Bay ali ndi mwana ku Tanga.

Lamulungu lake ndinapalasa njinga kukawauza. Ndinawapeza atakhala pamkeka ndi Abiti.

"Amalume, akuti Rashidi ali moyo. Ndi bambo wandevu tsopano. Akugwira ntchito m'sitima yapamadzi imene imaima ku Nacala, ndipo wakhala akufunsa aliyense wa ku Salima. Akuti akutumizireni chiyani?"

Che Amidu anayang'ana zikhatho zawo.

"Nenani wailesi, bambo," Abiti anatero. "Kapena nsalu. Mariamu akukula."

"Akalaliki, mukamuuze atumize madzi."

"Madzi!" Abiti anawomba m'manja. "Nyanja ili pakhomo panuyi yaphwa liti?"

"Madzi a ku bahari, zigubu zimene angathe. Ndi miyala yake yobowokabowoka ija, ibwere yonyowa. Nsomba asatumize kaye, ndidzanena ndine."

Zigubuzo zinkafika chimodzichimodzi, zobisika pakati pa katundu wina, ine n'kumazitengera ku Senga Bay pa njinga. Magalasi anapempha kwa Mzungu, otsala pa thanki yosweka, n'kuwamata okha. Chitsulo sankachilola kuyandikira, ngakhale msomali. Ankati mchere umadya chitsulo, chitsulo n'kudya nsomba. Pansi pa thanki anavundikira mbale yapulasitiki yobowolabowola, n'kuikwirira ndi zigoba za nkhono zosinja pamodzi ndi miyala ija. Pakona anaimika paipi. Thovu la mpweya likamakwera m'paipimo linkakoka madzi, motero madzi onse a m'thanki ankatsika pang'onopang'ono kudutsa m'miyala n'kubwereranso pamwamba. Pakona ina panali kabotolo kodzaza siponji ndi makala. Zonsezi pamodzi ankazitchula kuti sefa.

Kwa Mzungu pampu yamagetsi inkalira yokha usana ndi usiku, koma kwa Che Amidu kunalibe magetsi. Anapeza machubu awiri a lole, n'kuwapachika kudenga la khonde. Ankawapopa ndi pampu ya njinga mpaka ataumirira gwa, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono kudzera m'kachubu ka diripi kopanidwa ndi pegi. Ankapopa akatha swala iliyonse. Anthu oyandikana nawo ankadziwa kuti bambo abwerako ku mzikiti pomva kulira kwa pampu.

Chinthu chokhacho chimene anabwera nacho kuchokera ku Tanga chinali kagalasi koyezera mchere, kofanana ndi koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Anakasunga m'kansalu zaka zonse zija. Akakaika m'madzi kankayandama, ndipo pamene kaimira ndi pamene pankawauza ngati mchere wachuluka. Nyengo yotentha madzi akatsika, ankawonjezera a m'nyanja yathu ino, owiritsa n'kuziziritsa, osati amchere. Ankati chimauluka ndi madzi, mchere umatsala pomwepo.

Ndiye kunabwera nyengo imene mudzi wonse unawaseka. Thanki inali itadzaza, thovu likukwera, koma munalibe nsomba. Anangoponyamo kachidutswa ka usipa kuti kaole, n'kumapopa. Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Ndinawafunsa chimene akudikira. Anandiuza kuti sefa yatsopano ndi yakufa. M'miyalamo muyenera kumanga mudzi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zoipa zimene nsomba imatulutsa. Tizilomboto tisanachuluke, nsomba imafa ndi mkodzo wake womwe, ngakhale madzi akuoneka oyera ngati a m'botolo. Miyala ikayamba kuda ndi kuterera, ndiye kuti mudzi wakhazikika. N'chifukwa chake siponji ankangoifinya pang'ono m'madzi otunga m'thanki momwemo, n'kuibwezera ili yakuda.

Abiti ankati mwamuna wake ndiye woyamba padziko kuweta thovu.

Miyala itada, anatumiza mawu. Tinsomba tinafika m'chitini chapulasitiki, Che Kasimu akutivundulira madzi ndi kapu njira yonse. Rashidi anatumiza titatu, kamodzi kanafera m'njira. Che Amidu sanatikhuthulire m'thanki nthawi yomweyo. Ankadonthetsera madzi a m'thanki m'chitinimo pang'onopang'ono, kuti tizolowere. Atatilowetsa, tinathawira kuseri kwa mwala, kenako kamodzi kanasuzumira. Che Amidu anathokoza Mulungu kuti Alhamdulillah, n'kuyamba kulankhula nako m'Chiswahili, chinenero chimene sindinawamvepo akulankhula. Ndinaona kuti si malo anga, ndinapita kukakhala kumaso kwa nyumba. Abiti anali komweko akusankha mpunga, ndipo tsiku limenelo sananyoze thanki.

Chowawa chinali chakuti sakanatha kuuza anthu kumene tinsombato tinachokera. Achinyamata a chipani, amene ankayendera makhadi pamsika, anamva kuti kuseri kwa Che Amidu kuli mawaya ndi machubu, mwina ndi makina olankhulira ndi akunja. Anafika anayi. Che Amidu anawaonetsa zonse modekha, mpaka kuwapatsa pampu kuti ayese kupopa.

"Nanga nsombazi n'zakuti, madala? Zili ndi khadi?" mmodzi anafunsa, anzake n'kuseka.

"Ndi za Mzungu, ndikungomusungira," anayankha.

Atachoka anakhala pansi, n'kundiuza kuti amukana mwana wawo kachiwiri.

Tinsombato tinakhala, mvula n'kugwa kawiri. Tinanenepa, tinkadziwa mthunzi wa mzuli wawo ndipo tinkabwera kugalasi akayandikira. Chakudya ankatipatsa chochepa kwambiri, chongotsina ndi zala. Ankati nsomba za m'galasi zambiri zimafa ndi chifundo cha eni ake.

Chaka chimenecho, chakumapeto kwa Ramazani, Che Amidu anadwala chibayo, tinawagoneka m'chipatala ku Salima. Chimene chinkawavuta kuposa chifuwa chinali thanki. Mariamu anali atakwatiwa ku Chitala, ine ndinali pantchito. Panatsala Abiti.

"Abiti, ndikupempha. Kupopa kokha, ndi kachakudya kotsina. Basi."

"Ndiye mwafika pondisiyira mkazi mnzanga? Gonani, bambo. Sindimupha."

Ndipo anapopa. Mayi wamkulu, akusala kudya, dzuwa la masiku amenewo, sanaphonye ngakhale kamodzi. Oyandikana nawo ankati pampu inkalira nthawi yake ngati mwini wake alipo. Anthu a m'mudzi anayamba kumuseka kuti wagonja, iye n'kuwayankha kuti mitala imafuna mtima.

Idi ikamayandikira, nyumba ya Msilamu kunyanja kuno imatsukidwa yonse. Amazira pansi, amachapa makatani, miphika amaikwecha ndi mchenga mpaka iwale. Abiti atatha zonsezo anaima pa khonde n'kuyang'ana thanki. Miyala inali yakuda, galasi lili ndi ndere m'makona, siponji ikununkha matope. Anamva kuti bambo atuluka m'chipatala tsiku la Idi lomwe. Anaganiza zowalandira ndi chinthu chimene sanawachitirepo.

Anachita mosamala kwambiri. Ankadziwa kuti madziwo ndi a Rashidi, choncho anawatungira m'mabeseni apulasitiki osataya ngakhale dontho, tinsomba n'kutiika pamthunzi. Kenako anatenga miyala, zigoba, siponji ndi mbale ija, n'kupita nazo kunyanja. Anazikwecha ndi sopo, kuzitsukuluza, n'kuziyanika padzuwa mpaka zitayera mbee. Madzulo anabwezera chilichonse pamalo pake, n'kupopa.

Ndine ndinawaperekeza kuchokera kuchipatala. Asanalowe m'nyumba anazungulira kuseri, ine pambuyo. Thanki inali kuwala. Miyala inali yoyera ngati ufa, tinsomba tikuoneka bwino kuposa kale lonse. Abiti anaima pakhomo atavala chitenje chatsopano cha Idi, manja ali kumbuyo.

"Mwamuona mkazi wanu? Ndamusambitsa. Naye adye Idi."

Che Amidu anawerama, n'kununkhiza madzi. Ananunkhizanso kachiwiri. Anakhala chowerama choncho kanthawi. Atadzuka anatembenukira kwa mkazi wawo.

"Mwagwira ntchito, Abiti. Chiikireni sinawalepo chonchi. Mulungu akudalitseni manja."

Abiti anaseka ngati mtsikana, n'kulowa kukapakula mpunga. Iwo anandigwira mkono.

"Akalaliki, sitima ya kumunsi ibwera liti?"

Ndinawauza zoona, kuti nkhondo ya ku Mozambique yafika panjanji, sitima zikubwera mwa apo ndi apo, ndipo Che Kasimu sanatsikeko mwezi wonse. Madzi osungira anali chigubu chimodzi chosadzaza.

"Ndiwauze amayi kuti..."

"Muwauze chiyani? Zaka zonsezi sanaikhudzepo. Lero aikhudza. Tiyeni tikadye."

Anayesetsa. Anasintha madzi ndi otsala aja, anaika makala atsopano, anasiya kutipatsa chakudya, ankapopa ngakhale chifuwa chikuwakaniza. Patapita masiku ochepa madzi anachita mbuu, tinsomba tinayamba kupumira pamwamba. Kamodzi kanafa m'mawa wina, kanzake tsiku lotsatira. Anauza Abiti kuti tinali titakalamba, tinsomba tating'ono sitikhalitsa. Anatikulunga m'kansalu koyera n'kutikwirira pansi pa mtengo wa mango.

Chaka chisanathe njanji ya ku Nacala inatsekeka. Che Kasimu anasamutsidwa, ndipo za Rashidi sitinamvenso, mpaka lero.

Koma thanki sanaikhuthule. Anaponyamo kachidutswa kena ka usipa, n'kuyambiranso kupopa. Miyala inadanso. Ankati njanji ikadzatseguka, mlendo asadzapeze nyumba yosakonzeka. Anapopa choncho zaka, Mzungu uja atatseka ntchito yake, maso awo atayamba kuchita khungu. Nthawi iliyonse ndikafika, moni asanathe, ankafunsa za sitima ya kumunsi. Abiti sanaitchulenso thankiyo kuti mkazi mnzake. Mphamvu zitawathera bambo, Abiti ndiye ankapopa, iwo atakhala pampando pambali akumvetsera thovu. Galasi linang'aluka lokha chaka chatha, madzi onse n'kutayikira pansi. Che Amidu sanadandaule pakamwa, koma kuyambira pamenepo sankatulukanso kawirikawiri.

Dzulo anthu atabalalika ndinapita kukatsanzika. Ndinapeza Abiti atakhala pakhomo la khitchini, miyendo atatambasula. Ndinagwada chapatali.

"Amayi, ife tikupita."

"Akalaliki, anali sopo, eti?"

Ndinati ndikane, koma anandidula.

"Musavutike. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Munthu ndakhala naye zaka zonsezi, ndingalephere kudziwa mmene amanunkhizira madzi abwino ndi mmene amanunkhizira oipa? Anandinamiza, ine n'kumulola. Akanandikalipira bwenzi nditapepesa, zikanatha. Koma munthu wakuti Mulungu akudalitseni manja, umamupepesa bwanji?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kundiuza kuti ndisaiwale mpunga wa ana umene anandimangira.

Potuluka ndinadzera kuseri. Mphasa ija anaichotsa, ndipo dzuwa likufika pa khonde lonse. Patsala timizati tiwiri tanjerwa pamene pankakhala thanki, pakati pake nkhuku yaikirapo mazira. Kudenga kukulendewera zingwe ziwiri zopanda kanthu. Khoma la pamenepo ndi lokumbika kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwa munthu, losalala ngati mkati mwa mtondo. Ndinayamba kudabwa kuti lakumbika ndi chiyani, kenako ndinaona mbuzi ya oyandikana nawo ikukwera pakhondepo, mwana wake pambuyo. Thovu la zaka zonse zija linkathovukira pakhoma, mchere n'kulowa m'dothi. Mbuzi zinaima n'kuyamba kunyambita. Ndinatola kamwala kuti ndizithamangitse, koma ndinakabwezera pansi.